Majombo Abwera Okha: Mbiri ya Malemu Potiphar Mwenda

Abusa, akuluakulu a mpingo, abale athu a ku Zambia, amayi amene mwachita kupempha ofu kwa amadamu anu kuti mukhale nafe, ndi inu amene mwabwera pa basi kuchokera ku makampu a antchito a ku Sonapur, ndakulonjerani nonse m'dzina la banja. Ine ndine Eddie Zalimba, mwana wa mlongo wawo wa malemu. Ambiri mumandidziwa chifukwa cha chikwangwani cha ofesi yanga ya kago ku Naif, kuno ku Dubai. Ndinachoka ku Mchinji ndi jumbo imodzi m'manja, lero ndapondako Guangzhou, Istanbul, Mumbai, Durban ndi madoko ena amene mayina ake angakutopetseni. Ndatumizapo mafiriji, matayala, magalimoto, ngakhale belu la tchalitchi. Ndikunena pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa chithunzi ichi kuti palibe katundu amene ndinamulandira m'manja mwanga n'kulephera kumufikitsa kwa mwini wake. Sabata yathayi mawu amenewa anatsala pang'ono kundibwerera, chifukwa amene ndanyamula ulendo uno ndi amalume anga enieni, ndipo kumudzi anali atakana kuwalandira. Mbiri ndikuwerengayi ikuuzani chimene chinachititsa.

Malemu bambo Potiphar Mwenda anabadwa pa 9 Malichi 1954 m'mudzi mwa Kalilangwe, mfumu yaikulu Mavwere, m'boma la Mchinji. Anali mzime m'banja la ana atatu. Oyamba anali a Dunstan, achiwiri mayi anga a Lennah, kenako iwowa. Mayi awo, amene ife timati agogo aNankhoma, anali munthu wosachulukitsa mawu, koma akanena chinthu chimakhala chanenedwa.

M'chaka cha 1961 banja lonse linasamukira ku Zambia, kumene bambo awo anapeza ntchito pa mgodi wina wa ku Copperbelt. Malemu anayamba sukulu m'komboni momwemo ndipo anafika Fomu 2 mu 1970. Aphunzitsi ankati mutu ulipo, koma zala sizikhazikika, chifukwa desiki iliyonse imene anakhalapo inasanduka ng'oma. Achimwene awo a Dunstan, amene anali atayamba kale kutsika mumgodi, ndiwo anawagulira gitala yoyamba kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Bambo awo anakalipa. A Dunstan anati, "Musiyeni mwanayu. Pansi pa nthaka ndatsikako kale ine, wina atsale pamwamba."

Mu 1972 malemu ndi anzawo atatu anayambitsa gulu loimba nyimbo za roko, zimene masiku ano anthu akuzitcha Zamrock. Gululo analitcha Cage Four, kutengera chikepe chotsikira mumgodi. Oimba ng'oma anali a Lubasi, mnyamata wa ku Mongu wamanja ngati nyundo. Tsitsi linali mpanda, mathalauza otambalala kumapazi, nsapato zazitali ngati njerwa. Ankaimba m'maholo a m'komboni Loweruka lililonse. Malemu anapezanso kabokosi koponda ndi phazi, kamene kamachititsa gitala kulira mokakala ndi mokoka, ndipo anthu ankayenda mitunda kudzamva kabokosi kameneko.

Mu Ogasiti 1974 a Dunstan anatsika ndi shifiti ya m'mawa, ndipo thanthwe linagwa. Anzawo anakumba mpaka mphamvu zinatha, koma thupi silinapezeke. Chimene chinabwera kunyumba ndi thumba, m'thumbamo muli majombo awo akale amene anali pa msomali m'chipinda chosinthira zovala, dzina lawo lolembedwa ndi penti m'kati. Agogo aNankhoma anakhala pansi pakhomo, majombowo ali pamiyendo, n'kuyamba kulira. Amene analipo amati kulira kwake kunali kokwera, kukwerabe, kenako n'kuduka pakhosi, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kutha ngati mpweya. Ankabwereza mawu omwewo:

Majombo abwera okha,
mwini wake ali kuti?
Chitseko ndasiya chosatseka,
mwanawe, lowa usagogode.

Malemu anali ndi zaka makumi awiri. Anakhala kuseri kwa nyumba pamodzi ndi azibambo, ndipo msozi sunatuluke. Koma mayi anga, popita kukatunga madzi, anaona zala za mchimwene wawo zikuyenda pabondo, zikutsata kulira kwa amayi awo ngati pabondopo pali nsambo za gitala. Zala zimenezo mayi anga sanaziiwale mpaka lero.

Kumapeto kwa chaka chimenecho makolo ndi mayi anga anabwerera ku Kalilangwe, ndipo majombo aja anaikidwa m'manda a kwathu m'malo mwa thupi. Malemu anatsala ku Copperbelt.

Mu 1975 gulu la Cage Four linajambula chimbale ku Ndola, ndipo pachimbalepo panali nyimbo ya Majombo Abwera Okha. Kwa inu achinyamata amene mwangoimva pa foni, ndikufotokozereni mamangidwe ake. Imayamba ndi ng'oma ya a Lubasi yokha, yolemera, ngati munthu wovala majombo akubwera m'kanjira. Kenako mawu aja, mizere yonse inayi, osasinthidwa. Ikafika pakati, woimba amakhala chete, gitala n'kuyamba kulira yokha nthawi yaitali. Imakwera, kukwerabe, n'kuduka, n'kutsika. Malemu sanapeke chilichonse pamenepo. Anangotenga kulira kwa amayi awo, mpaka kuduka kwa pakhosi kuja, n'kukuika m'nsambo. A Lubasi atamva koyamba anaika timitengo tawo pansi n'kunena kuti, "Mwana, iyi si nyimbo, ni maliro." Malemu anayankha kuti, "Achimwene anga alibe manda enieni. Manda awo akhala amenewa."

Limenelo ndilo linali tanthauzo lake kwa mwini wake. Anthu anapeza lawo. M'mabala ankati ndi nkhani ya bambo woledzera amene wagona kunja, anzake n'kubweretsa nsapato zake kwa mkazi wake. Ankavina akuseka, ndipo gitala ikayamba kulira ankavula nsapato n'kuzikweza m'mwamba. Anthu a mumgodi okha ndiwo sankavina. Ankaima kukhoma, botolo lili m'manja, maso ali pansi. Chimbalecho chinagulidwa ngati mchere, ndipo mnyamata wa ku Kalilangwe anasanduka munthu wolozedwa ndi chala m'misewu ya Kitwe ndi Lusaka.

Koma wailesi siima pachipata kudinditsa pasipoti. Tsiku lina agogo aNankhoma ali kuchigayo, nyimboyo inamveka kuchokera pa golosale yapafupi. Anatula dengu n'kufunsa kuti mayi akulirayo ndani, ndipo maliro ali kuti. Ana anawauza kuti, "Agogo, ndi gitala ya a Potiphar imeneyo." Atatembenuka anaona anyamata akuvina pakhonde la golosale, nsapato zili m'manja. Anabwerera kunyumba osagayitsa.

Mu 1976 gululo linabwera kudzaimba ku Chipata, mtunda woti munthu wa njinga amapita n'kubwerako tsiku lomwelo. Agogo anatuma mayi anga. Ine ndinali kumsana, ndiye mudziwe kuti ulendo wanga woyamba wa kunja ndinauyenda wopanda pasipoti. Mayi anga anawapeza achimwene awo kuseri kwa holo n'kuwatulira uthenga monga anaulandirira: "Misozi yanga wavinitsa nayo zidakwa. Ubwere ndi mbuzi imodzi. Uikoke wekha pachingwe kuchokera pamsewu mpaka pakhomo panga, anthu akuone. Gitala uisiye kumsewu. Tikadya mbuziyo, mlandu watha."

Malemu anati abwera akamaliza kuimba ku Lusaka. Pambuyo pa Lusaka panabwera Livingstone, kenako Dar es Salaam, kenako Nairobi. Anatumiza zitenje, anatumiza wailesi, anatumiza ndalama zokwana khola lonse la mbuzi. Zonse zinabwezedwa. Agogo anati, "Ndalama ilibe phokoso. Mbuzi imalira, mudzi wonse umatuluka." Ndipo chimenecho ndicho chinawakanika amalume. Munthu amene atsikana ankamuthamangira pa siteshoni ya basi sanathe kudziona akukoka mbuzi m'fumbi la ku Kalilangwe, ana akumutsatira pambuyo. Sindikuwaweruza. Ine ndimadziwa kulemera kwa dzina, chifukwa langanso si laling'ono.

Pa 14 Epulo 1979 malemu anamanga ukwati woyera ku Kitwe ndi mayi Flora Nyirenda a ku Lundazi. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu: Thumbiko, Prisca ndi Faith. Mayi Flora anali telala, ndipo makina awo osokera ndiwo ankagwira banja nyengo zimene gitala inkabwera chimanjamanja.

Mu 1983 agogo aNankhoma anamwalira. Malemu anali ku Mombasa, akuimbira alendo pa hotela ina, ndipo uthenga unawapeza maliro ataikidwa kalekale. Kuyambira chaka chimenecho nyimbo ija inasintha m'makutu mwawo. Anandiuza okha kuti akafika pamene gitala imalira yokha, ankamva mawu achiwiri, a munthu wamkazi, akutsatira pambuyo pang'ono. Ankati akakweza, mawuwo amakweza. Akadula, mawuwo amapitirira kaye pang'ono asanaduke. N'chifukwa chake anayamba kuimba gawo limenelo atafulatira anthu. Achinyamata ankayesa sitayilo, mpaka ena anatengera. Iwo ankatembenuka kuti aone amene waima kumbuyo kwawo.

Zaka zotsatira zinali zowawa. Disiko inalowa m'mabala, ndalama ya ku Zambia inagwa, ndipo anzawo a m'gulu anayamba kutsamira mkono mmodzimmodzi. A Lubasi anamwalira mu 1991. Mayi Flora anatisiya mu 1995. Mu 1997 malemu anasiya ana kwa achibale a mayi awo n'kubwera kuno ku Dubai, atatengedwa ndi gulu lina la ku Congo limene linkaimba pa hotela ina ku Deira. Ankaimbira amalonda a ku Africa nyimbo za eni ake, ndipo yawoyawo ankaiimba pokhapokha wina wa ku Zambia akawazindikira n'kuumirira. Ndi gitala yomweyo anaphunzitsa ana onse atatu mpaka kumaliza sekondale.

Ine ndinafika kuno mu 2003. Muyenera kudziwa kuti kwathu nyimbo ija ikangoyamba pa wailesi, mayi anga ankazimitsa. Ndinakula ndikudziwa ng'oma zoyamba zokha, osadziwa chimene chimatsatira. Tsiku lina madzulo ndikudutsa ku Naif, katoni ili pamutu, ndinamva ng'oma zimenezo zikutsika pa masitepe a hotela. Miyendo inakwera yokha. M'katimo ndinapeza bambo woonda, wa imvi m'mbali, atafulatira anthu, gitala ikulira mwakuti ndinaiwala kutula katoni. Atamaliza ndinapita pafupi n'kufunsa kuti, "Pepani bambo, kodi ndinu a Mwenda a ku Kalilangwe?" Anandiyang'anitsitsa. Mawu awo oyamba kwa ine anali akuti, "Wakutuma ndi Lennah? Za mbuzi ija?" Ndinati, "Ayi amalume, ine ndabwera kudzalemera." Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuti, "Yalla, khala pansi. Ulemera ukadya." Anandigulira biriyani, ndipo ndinagona pansi m'chipinda chawo mpaka ndinapeza poyambira. Ofesi mukuiona ku Naif ija inayambira pa mkeka wa amalume.

Mu 2010 hotela ija inachotsa oimba onse n'kuika mnyamata mmodzi ndi kompyuta. Apa n'kuti ine nditaima pa miyendo yanga, ndiye ndinawatenga, viza yawo n'kukhala pa kampani yanga. Ntchito yawo inali yomanga makatoni. Amayi ambiri muli pano munatumizapo katundu kwanu, ndipo ndikufunseni: ilipo katoni yomangidwa ndi amalume imene inatsegukapo panjira? Palibe. Zala zimene zinkalilitsa gitala zinkamanga mfundo yoti mpaka wa kasitomu amachita kufuna mpeni. Anyamata a ku Pakistan ankawatcha Ustadi, kutanthauza katswiri. Amalume ankakhala ku International City, ndipo mwana wawo Prisca atabwera kuno mu 2014 kudzagwira ntchito yolera ana, Lamulungu lililonse la ofu ankapita kukawachapira ndi kuwakalipira za shuga wambiri mu tiyi. Chaka chilichonse ndinkati, "Amalume, tikiti ya Lilongwe ndigule." Yankho linali limodzi: "Inshallah, chaka chamawa."

Mu 2017 azungu ena okonda zimbale zakale anaifukula nyimbo ija n'kuitulutsanso. Mwadzidzidzi munthu womanga makatoni ku Naif anayamba kulandira mafoni ochokera ku Ulaya. Mu 2019 anawaitana ku chikondwerero cha nyimbo ku Holland, ndipo ine ndinapita nawo monga manijala, suti ya ku Istanbul ili pathupi. Anthu anali ngati nyerere. Ankafuula mawu athu molakwitsa, ndipo gitala itayamba kulira anavula nsapato n'kuzikweza m'mwamba, poti anawerenga pa intaneti kuti ndi mmene amachitira. Amalume anafulatira. Anakweza, anakwezabe, kenako ndinaona ndi maso angawa akuchotsa manja onse awiri pa gitala. Kulira kuja sikunaleke. Kunapitirira, n'kuduka, n'kutsika pang'onopang'ono. Akatswiri a zokuzira mawu anati zimachitika, makina amabwezerana mawu okha. Ine ndayenda, makina ndimawadziwa, ndipo sindikutsutsa. Koma m'galimoto pobwerera ku hotela amalume anandigwira mkono n'kufunsa kuti, "Wawamva?" Sindinayankhe tsiku limenelo, ndipo lero sindiyankha.

Komaliza kuiimba kunali mu Julayi 2023, pa chisangalalo chathu cha ufulu wa Malawi, ndipo ambiri a inu munalipo. Munawaumiriza, iwo n'kubwereka gitala wamba, yopanda magetsi. Tsiku limenelo palibe amene anavina, palibe amene anavula nsapato. Itafika pakati paja, mayi wina kumbuyo anayamba kulira, mayi amene amake anaikidwa iye ali kuno akutsuka mbale za eni ake. Wina anamulandira, kenako wina, mpaka holo yonse inasanduka siwa. Inu amayi simunauzidwe ndi munthu kuti ndi maliro, munangomva. Pobwerera amalume anati, "Lero lokha yafika pamalo pake. Khalasi, zatha." Sanaigwirenso gitala.

Mu Okutobala 2024 anayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Madokotala anapeza kuti mtima wafooka. Anagonekedwa m'chipatala pa 20 Disembala, ndipo madokotala ndi anamwino anachita zonse zimene akanatha. Masiku omaliza sankalankhula zambiri. Kwa Prisca ananena chinthu chimodzi, mobwereza: "Mwananga, musadzatumize nsapato zanga zokha." Anatsikira kulichete Lachiwiri pa 14 Januwale 2025, dzuwa litangotuluka, ali ndi zaka 70.

Tsiku lomwelo ndinaimbira foni mayi anga, amene tsopano ndiwo atsala okha mwa ana a agogo aNankhoma, ndipo mawu awo ndiwo amayendetsa za banja. Sanalire. Anati, "Adzukulu sakumba. Amayi anamwalira maso ali kumsewu, kudikira mbuzi. Muikeni komweko. Mutumize nsapato, tidzaziika pambali pa za Dunstan."

Abale anga, ine ndinatulutsapo kontena pa doko tsiku la Khirisimasi. Ndinakambiranapo mitengo ndi Mtchaina, tonse osamvana chilankhulo, iye n'kutsitsa. Ndinayamba ntchito. Ndinati ndigula mbuzi khumi. Anakana. Ndinati ng'ombe. Anakana. Ndinati ndikhomera nyumba malata atsopano, ndikumbitsanso mjigo wa mudzi wonse. Mayi anga anati, "Eddie, ukamandilankhula ngati ndine kasitomala wako, ndidula foni." Ndipo anadula. Thupi lili mufiriji ku mochale ya ku Muhaisnah, mapepala onse ndamaliza, ndege ilipo, koma wolandira wakana. Prisca anasiya kudya. Ankangoti, "Achimwene, bambo anga anapempha chinthu chimodzi chokha."

Lachisanu la sabata yomweyo ine ndi Prisca tinapita ku International City kukalongedza katundu wawo. Titatulutsa gitala m'chikwama chake, pansi pake tinapeza chingwe cha buluu, chatsopano, chokulungidwa bwino, mbali imodzi atamanga kale mfundo ya pakhosi pa mbuzi. Mfundo ya amalume, yosamasuka. Bambo Nick, a ku Chipata, amene ankagona nawo chipinda chimodzi, anatiuza kuti, "Iyo nthambo nayipeza ilimo kale pamene n'nabwela. Benze kuichosa, kuiyangana, n'kuibweza futi. N'kafunsa, akuti ni ya ulendo." Chingwe chimenecho ndi ichi, ndachigwira m'manja.

Ndinaimbanso foni, ya vidiyo, n'kuwaonetsa mayi anga. Anachiyang'ana ndithu, n'kuti, "Chingwe si mbuzi."

Pamenepo nzeru zanga zonse za malonda zinali zitatha, ndiye ndinachita chimene palibe wa m'banja mwathu analimba mtima kuchita kuyambira 1975. Ndinati, "Amayi, mundikalipire pambuyo pake, koma musadule." Ndinaika nyimbo ija. Ng'oma ya a Lubasi inayamba kuyenda. Ndinaona dzanja lawo likubwera ku foni, n'kuima panjira. Mizere inayi ija inadutsa. Gitala itayamba kukwera, mayi anga anatseka pakamwa ndi chitenje. Itaduka, iwonso anadzidzimuka ngati wina wawagwira paphewa. Nyimbo inatha. Kenako anati, "Ndi amayi amenewo. Eddie, ndinali nditaiwala mawu awo." Agogo aNankhoma sanasiye chithunzi, sanajambulidwepo mawu. Padziko lonse lapansi malo amene mawu awo atsala ndi m'nsambo za mwana amene anawalakwira uja.

Ndiye mayi anga anatuluka panja foni ili m'manja, n'kuyamba kulira mchimwene wawo, kukwera, kukwerabe, n'kuduka. Ndinamva zitseko za anansi zikutseguka. Umu ndi mmene mudzi wa Kalilangwe unadziwira kuti kwagwa maliro.

M'mawa mwake anaimba okha. Anati, "Abwere. Koma mbuzi ikhalepo, ndipo aikoke yekha, monga ananenera amayi." Ndinati, "Amayi, aikoka bwanji munthu ali m'bokosi?" Anati, "Bokosilo lilibe zogwirira? Iwe si uja umati ndiwe wa kago?"

Choncho dongosolo lili motere. Mawa Lolemba tikatenga thupi ku Muhaisnah kupita ku bwalo la ndege. Ine ndi Prisca tikwera nawo. Lachitatu galimoto ikaima pamene msewu wafumbi wopita kwathu umapatukira pa tala. Kumeneko mvula ikugwa, matope ali m'mawondo, koma tikatsika. Gitala ikatsala pa golosale ya pamsewu. Amuna akanyamula bokosi pamapewa, chingwe ichi ndikachimanga ndekha pa chogwirira, mbuzi ikubwera pambuyo, mpaka pakhomo pamene panali nyumba ya agogo. Ilire mmene ingathere, mudzi wonse utuluke. Manda akumbidwa pakati pa amayi awo ndi majombo a achimwene awo.

Malemu asiya ana atatu: a Thumbiko ku Kitwe, a Prisca amene ali nafe pano, ndi a Faith ku Lusaka. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mlongo wawo mayi Lennah Zalimba ku Mchinji, ndi ife ana a mlongo wawo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza abusa ndi mpingo potipatsa holo ino, madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, ndi amadamu a Prisca amene anamulola kukhala kuchipatala mpaka mapeto, shukurani kwambiri. Ndikuthokoza bambo Nick, amene ankawanyamula pa masitepe miyendo itatupa. Ndikuthokoza gulu la amayi a ku Malawi, abale athu a ku Zambia, ndi anyamata a ku Sonapur amene anasonkha pa zochepa zimene amalandira. Ine ndikanatha kulipira zonse ndekha, mukudziwa, koma munati maliro salira munthu mmodzi, ndipo munanena zoona.

Chotsala n'chimodzi. Mbuzi ija yagulidwa dzulo, ndipo mayi anga anakana kuti ndalama yanga ikhudzeko. Yagulidwa ndi malipiro omaliza a amalume, a ntchito yomanga makatoni. Ili pa golosale ya pamsewu, ndipo m'mawa uno ndaimva pa foni ikulira. Mlandu umene unagamulidwa kuseri kwa holo ku Chipata mu 1976 mtengo wake sunakwere, sunatsike. Ndi mbuzi imodzi, ndipo mwini mlandu akupita nayo yekha.

Prisca, mlongo wanga, pukuta misozi. Dzulo ku Muhaisnah, asanatseke bokosi, ndinawaveka ndekha nsapato zawo zakuda. Zikupita kwathu, ndipo mwini wake ali momwemo.

Amalume, a Potiphar Mwenda, chitseko anasiya chosatseka. Kaloweni osagogoda. Mzimu wanu uuse mumtendere.